Ndingaphunzire kuti kulemba sitetimenti ya mboni ndi lipoti?

Kapitao_Chinika:
Moni nonse. Ndine kapitao wa alonda 14 pa depoti ina ku Chinika. Mwezi watha matumba 9 a feteleza anasowa usiku wa Lachisanu. Abwana anati ndifunse alonda atatu amene anali pa shifiti, kenako ndilembe lipoti. Ndinawakhazika pamodzi pa geti, ndinalemba tsamba limodzi, onse anasaina. Tsiku lomva nkhaniyo amayi a HR (ofesi yoona za antchito) anangofunsa kuti, "Mwalemba kuti lole inatuluka usiku. Anaiona ndani, nthawi yanji?" Ndinangoti kakasi. Mnyamata amene akumuganizirayo amuimitsa kaye ntchito, ali ndi ana awiri, ndipo pepala langa silingamuyeretse kapena kumutsutsa. Zimenezi zikundisowetsa tulo. Muno mu Lusaka ndingaphunzire kuti ntchito imeneyi?

Wapolisi_Wopuma:
Mwana wanga, pamene munaphonya ndi pa geti paja. Mboni sizifunsidwa pagulu. Wachiwiri akamva zimene wanena woyamba amangovomera, ndiye mumatsala ndi mboni imodzi ya masiginecha atatu. Ife tinaziphunzira ku koleji ya apolisi ku Lilayi, koma kumeneko n'kwa apolisi okha, ndiye tamverani.

Munthu mmodzi, pepala lake. Pamwamba dzina, zaka, ntchito, kumene amakhala, tsiku ndi nthawi imene mukulemba. Kenako musiyeni afotokoze yekha mpaka atamaliza, osamudula. Mafunso abwere pambuyo, ndipo asakhale omuika mawu m'kamwa. Osati "unaona lole yoyera, eti?" koma "unaona chiyani?" Nkhani ya usiku ngati yanuyi imafa kapena kuchira pa tinthu ting'onoting'ono: anaima pati, panali mtunda wotani, getsi la pa geti linali loyaka kapena magetsi anali atapita, anaiyang'ana nthawi yaitali bwanji, dalaivala ankamudziwa kale kapena ayi. Mukatha muwerengereni zonse, akonze pamene pakhota, asaine tsamba lililonse. Mukalakwitsa chilembo dulani ndi mzere umodzi, nonse musainepo, osafufuta.

Buku la OB la usikuwo, lija alonda amalembamo zochitika pa shifiti, mwalisunga? Yambani ndi limenelo.

Mayi_Womasulira:
Ndiwonjezereko za chilankhulo, pakuti ndamasulira m'khoti zaka zambiri. Mlonda amalankhula Chinyanja kapena Chibemba, inu mukulemba Chingerezi. Munthu akati "ndinamva kuti lole inatuluka," mwina anamva kulira kwa injini ndi makutu ake, mwinanso anachita kuuzidwa ndi mnzake m'mawa. Choyambacho ndi umboni, chachiwiricho ndi zam'maluwa, ndipo loya sachedwa kuchigwetsa. Mufunseni kuti, "unamva phokoso kapena unauzidwa?" Akati "cha m'mbandakucha," lembani momwemo, musasandutse 04:00 pokhapokha atayang'ana wotchi kapena foni. Ndaonapo mboni yonena zoona ikuoneka yabodza pamaso pa majisitireti chifukwa wolemba anakongoletsa mawu ake. Zimandiwawa mpaka lero. Pansi lembaninso kuti munamuwerengera m'chilankhulo chanji.

Sukulu yaulere ilipo: pitani ku khoti la majisitireti m'mawa umodzi, mukhale kumbuyo, mumve mmene amapanikizira mboni ndi mafunso.

Mlongo_wa_HR:
Achimwene, lipoti ndi chinthu china, sitetimenti ndi china. Mu lipoti mumanena zimene munatumidwa kufufuza, amene munawafunsa, mapepala amene munaona monga OB, magetipasi ndi kaundula wa katundu, zimene zatsimikizika, ndi pamene mboni zikusemphana. Maganizo anu akhale kumapeto paokha. Mawu oti "wakuba" asapezekemo. Komanso lamulo la Employment Code Act la 2019 silola kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha khalidwe asanapatsidwe mpata wodziyankhira, ndiye mbali ya mnyamatayo iyenera kulembedwa. Osamuopseza kuti avomere. Za makosi afupiafupi kafunseni ku NIPA (sukulu ya za kayendetsedwe ka ntchito za boma) ndi ku ZIALE (sukulu ya za malamulo), ndipo muuze kampani ikulipirireni, poti ntchitoyo ndi yawo.

Kapitao_Chinika:
Zikomo bambo, zikomo amayi nonse. OB ndaitsegula madzulo ano. Palembedwa kuti magetsi anapita 01:10, anabwera 03:40, ndipo jenereta sinayake. Mu lipoti langa munalibe zimenezi. Mawa ndikapempha amayi a HR andilole kufunsanso alonda aja mmodzimmodzi, ndiyambira amene anali pa geti lakumbuyo.