Ndinapulumuka Freddy, koma phiri la kuno likundisowetsa tulo

Membala wosadziwika: Anzanga ndithandizeni nzeru. Mu 2023 ndinali ku Chilobwe, ku Blantyre, usiku umene namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche. Ine ndi ana tinatuluka ndi zovala za m'thupi basi, aneba ena sanapezeke mpaka lero. Bambo a ana ali ku Joni, ndalama satumiza, koma pa Facebook nsapato zatsopano sizitha. Nditabwerera kwathu kuno ku Chipata, ku Zambia, apongozi anayamba kulalika kuti ndathawa ukwati. Pano ndikukhala m'munsi mwa phiri lomwe mitengo yonse inathera makala, ena akuswamo miyala, ngalande yatsekeka ndi zinyalala. Mvula ikayamba usiku ndimangokhala tsonga. Khansala tinamuuza, anati "tiona". Ndikufuna azimayi tigwirizane timuchotse. Ndiyambire pati?

Jere wa ku Mtenguleni: Amayi, khansala ndi nsomba yaing'ono! CDF, ndalama ya chitukuko yomwe boma limapereka chaka chilichonse ku dera la phungu aliyense, inali K1.6 miliyoni, mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni. Ndalama ilipo, ngalande zili kuti? Olamula ndi otsutsa omwe amatikumbuka pa kampeni pokha, atanyamula zitenje. ACHOKE ONSE!

NaPhiri: Pepani asisi. Koma simunatiuze komboni yake, ndiponso ngati nyumbayo ndi yanu kapena ya lendi. Ngati ndi ya lendi, samukani mvula isanakule, zandale pambuyo.

Amake Dalitso: Ife ku Mambwe chaka china Luangwa inadya chimanga chonse, mu 2024 chilala chinamaliza chotsalacho. Amuna anga anagulitsa njinga kuti tigule ufa. Mulungu yekha.

Sakala Tembo: Inu mwathawa Freddy ku Malawi n'kukafunanso phiri lina? Nyumba za ku chigwa zinatha?

Agogo a Mwai: Nkhani za apongozi saulutsa pagulu, mwanawe. Ankhoswe alipo chifukwa cha zimenezo.

Jere wa ku Mtenguleni: A NaPhiri, maganizo amenewo ndiwo atisaukitsa. Asamuke apite kuti? Nanga otsala matope akawakwirire? Freddy anapha anthu oposa 1,000 ku Malawi, ambiri osauka okhala m'mphepete mwa mapiri ndi mitsinje. Mabwana sagona kumeneko.

NaPhiri: A Jere, voti simatseka madzi usiku. Inu munakumbapo ngalande ingati?

Aphunzitsi Banda: Ntchito za CDF zimayambira ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya m'wadi (dera la khansala). Lembani kalata, aneba asaine, jambulani zithunzi za ngalandeyo, ndipo kope lina musunge. Za ngozi za mvula amayang'anira ndi a DMMU, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mungawapeze kudzera ku ofesi ya DC (bwanamkubwa).

Sakala Tembo: Owotcha makalawo ndi ife tomwe, magetsi akazima tonse timawafuna.

Jere wa ku Mtenguleni: Makalata, makalata! Aphunzitsi, ine ndinalemba mpaka bolopeni kutha. Mankhwala ndi voti basi.

Aphunzitsi Banda: Ndiye tifunse kaye: amayi, NRC (chitupa cha unzika) muli nayo, kapena inapita ndi matope? Nanga munalembetsa kuvota m'wadi imeneyo? Popanda khadi la voti simuchotsa munthu.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Agogo, ankhoswewo ndi achimwene a apongozi omwewo, ndiye mukuti ndikadandaule kwa ndani?

NaPhiri: Asisi, komboni yake ndi iti?