Magalimoto a Formula 1 onse amafaniranji ngati a bere limodzi?

Wowongola_wa_ku_Biwi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ntchito yanga ndi yowongola magalimoto ndi kupopera penti, ndiye ndikaona galimoto maso amayamba athamangira pa bodi. Mwana wanga wachisamba wandikokera ku Formula 1, Lamulungu timaonera limodzi. Koma kunena zoona, mutapala penti yonse, Ferrari, McLaren ndi Mercedes sindingazisiyanitse. Makampani a ndalama ngati amenewa nzeru zawathera? Chinanso, chitsulo chozungulira pamutu pa dalaivala chija, chooneka ngati lamba wa patapata, n'chachiyani? Ine chimandinyansa, ndipo ndimaona ngati chimamutchinga kumaso.

Mkulu_wa_Kyalami:
Achimwene, nzeru zilipo, koma anawamanga manja. Bungwe la FIA, loyang'anira mipikisanoyi, limalemba buku la malamulo lonena m'lifupi mwa galimoto, kukula kwa mapiko, kulemera kwake, mpaka malo amene bodi siiloledwa kufika. Mukapatsa amisiri khumi muyeso umodzi ndi mdani mmodzi, amene ndi mphepo, onse amakathera pamodzimodzi.

Kale sizinali choncho. Mu 1976 a timu ya Tyrrell anabwera ndi galimoto ya mateyala sikisi, anayi ang'onoang'ono kutsogolo, ndipo Jody Scheckter wa ku South Africa anapambana nayo ku Sweden. Mu 1978, ku Sweden komweko, a Brabham anamangirira chifani kumbuyo kwa galimoto. Ankati n'choziziritsa injini, chonsecho chinkayamwa mpweya wa pansi kuti galimoto imatirire pa tala. Niki Lauda anapambana, galimotoyo sinathamangenso mpikisano wina. Lero lamulo likuti mateyala ndi anayi basi. Nzeru iliyonse yachilendo ikaoneka, chaka chamawa mumaipeza italembedwa m'buku kuti yaletsedwa.

Mukafuna kuseka, funsani mwana wanuyo akuonetseni zithunzi za 2014. FIA inalamula kuti nsonga ya mphuno itsike, isapitirire mamilimita 185 kuchokera pansi, kuti galimoto ikagunda inzake isakwere pamwamba. Koma amisiri ankafunabe mpweya wambiri uzidutsa kunsi. Ndiye anasiya mphuno yeniyeni m'mwamba, n'kutulutsa kachala kopyapyala kolendewera kutsogolo kongokwaniritsa lamulo. A Lotus anachita kuika minyanga iwiri, wina wautali wina waufupi. Zinali zonyansa zedi, moti chaka chotsatira lamulolo analilembanso.

Nachisale_Leeds:
Bambo a ku Biwi, patapata wanuyo dzina lake ndi halo, ndipo nane ndinkamunyoza atangobwera mu 2018. Ndi wa titanium, chitsulo cholimba koma chopepuka, amalemera makilogalamu osafika khumi, koma amasenza katundu wa matani pafupifupi 12. Za kumaso musadandaule, mzati wapakatiwo ndi wopyapyala ndipo dalaivala nthawi zambiri amayang'ana kumbali, kumene kona ikupita.

Ine ndinatseka pakamwa mu November 2020, usiku wa ku Bahrain. Romain Grosjean anawomba chitsulo cha m'mbali mwa msewu, galimoto inaduka pakati, moto n'kubuka. Mbali imene munali iyeyo inaboola chitsulocho n'kulowa mkati. Halo ndi amene anakankha chitsulo chija, apo ayi chikanakumana ndi mutu. Munthu anakhala m'moto masekondi pafupifupi 28, n'kutuluka yekha atapsa manja. Ndinali nditaimirira ndi mbale m'manja, mpunga mpaka unazizira. Mwiniwakeyo anavomera ali m'chipatala kuti kale ankadana naye halo.

Kenako ku Monza ku Italy mu 2021 teyala la galimoto ya Max Verstappen linatera pamwamba pa dalaivala mnzake Lewis Hamilton. Ku Silverstone ku England mu 2022 Zhou Guanyu anakhwekhwerezeka chadodolido mpaka kukagwera kuseri kwa mateyala otchinga. Chitsulo cha kumbuyo kwa mutu chinathyoka, anatsala ndi halo yekha. Onse awiri anapulumuka.

Chimene chimandiwawa n'chakuti malamulo ambiriwa amabwera maliro atachitika. Mu 2009 Henry Surtees anafa teyala lothothoka litamumenya m'mutu, patangotha masiku Felipe Massa anamenyedwa ndi sipuling'i ku Hungary. Anthu anakambirana zaka ndi zaka, Jules Bianchi n'kumwalira mu 2015 kutsatira ngozi ya ku Suzuka ku Japan, halo asanafike.

Injini_V10:
Mayi, za halo sinditsutsa. Koma tisamangowomba m'manja. Chitetezo chonsechi pamodzi ndi mabatire zanenepetsa magalimoto. Mu 2022 lamulo linati asachepere makilogalamu 798, pomwe zaka za m'ma 2000 ankangopitirira 600 pang'ono. Ku Monaco amachita kundondozana ngati maliro, malo opitirirana palibe. Ndipo si malamulo onse ndi a chitetezo. Mizere ija anadula pa mateyala kuyambira 1998 mpaka 2008 inakongoletsa chiyani?

Mkulu_wa_Kyalami:
Mizere ija inalinso ya chitetezo, amwene, ankafuna kuchepetsa liwiro la pa kona. Kunyansa kokha ndiye ndikuvomera.

Koma a ku Biwi, popeza ndinu mmisiri, nachi china chimene simuchiona pa TV. Madalaivala Senna ndi Ratzenberger atafa ku Imola ku Italy mu 1994, FIA inalamula kuti kunsi kwa galimoto iliyonse kukhomedwe thabwa lochindikala mamilimita 10. Galimoto ikatsika kwambiri imagwira msewu bwino, koma ikakhudza pansi imatha kupulumuka m'manja. Ndiye mpikisano ukatha amayeza thabwalo, likaperepeseka kupitirira milimita imodzi mwachotsedwa. Michael Schumacher anapambana ku Spa ku Belgium chaka chomwecho, anamulanda chipambanocho chifukwa cha thabwa. Hamilton anamaliza wachiwiri ku Austin ku America mu 2023, nayenso chimodzimodzi, pamodzi ndi Leclerc.

Wowongola_wa_ku_Biwi:
Milimita imodzi! Ife kuno chitseko chikasiyana ndi bodi theka la chala, kasitomala amanyamuka akumwetulira. Zikomo nonse. Mayi a ku Leeds, ngozi ya Grosjean ndaionera katatu tsopano, ndipo chimene chikundizunguza mutu si halo ayi. Injini yapita kwake ndi mateyala akumbuyo, koma bokosi limene munakhala munthu silinaphwanyike. Mwana akuti ndi la carbon fibre, ndipo akuti likang'aluka siliwongoleka ndi hamala. Nanga amalikonza bwanji, kapena amangotaya?