James Smetham: kodi kupembedza ndiko kunamutsekera njira?

Mphunzitsi wa ku Highfield:
Abale ndi alongo, ndikupempha maganizo anu pa za James Smetham, mmisiri wojambula zithunzi wa ku England, amene anabadwira ku Pateley Bridge mu 1821 ndipo anamwalira mu 1889. Anali mwana wa mbusa wa mpingo wa Methodist, womwewu umene unakhazikitsa mishoni ku Epworth kuno kwathu ku Harare, ndipo ngakhale wojambula wotchuka Dante Gabriel Rossetti ndi John Ruskin, wolemba wotchuka pa za zojambula, ankayamikira luso lake, zithunzi zake sizinkayenda malonda, moti banja lake linkadalira ntchito yophunzitsa kujambula imene anayamba mu 1851 pa koleji ya aphunzitsi ya mpingowo ku Westminster. Kodi n'zoona kuti chikhulupiriro ndicho chinamulepheretsa kutchuka?

Mayi wa ku Mufakose:
Aphunzitsi, ine sindikuvomereza, chifukwa kwa munthu ameneyu kujambula ndi kupemphera zinali ntchito imodzi. Ankalemba timabokosi m'makope ake, tina tating'ono ngati sitampa ya pa kalata, ndipo m'kabokosi kalikonse ankajambulamo ndime ya m'Baibulo imene wawerenga kapena chimene chamuchitikira tsiku limenelo, mpaka tizithunzito tinakwana masauzande. Palibe amene anamutuma, ndipo sankayembekezera kugulitsa ngakhale kamodzi. Ankatsogoleranso kagulu ka mapemphero ku Stoke Newington, dera la mu London, kofanana ndi milaga yathu ya ku CCAP. Mukachotsa chikhulupiriro mwa Smetham, mwachotsanso chimene chinkayendetsa dzanja lake.

Bambo wa ku Mbare:
Mayi, mwalankhula zoona, koma tisabise mbali yowawa ya nkhaniyi. Mu 1877 anadwala matenda a maganizo amene sanachirenso, ndipo zaka 12 zotsiriza za moyo wake anakhala kwayekha, osalankhula kwenikweni, akuvutika ndi mantha akuti Mulungu wamutaya. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, pakuti ngakhale m'mipingo yathu muno mu Harare timafulumira kuuza wodwala wotere kuti alimbike m'pemphero, pamene akufunikanso dokotala ndi abale omukhalira pafupi. Sindikunena kuti chipembedzo ndicho chinamudwalitsa, chifukwa anali atavutikapo kale ndi maganizo ali mnyamata, koma nthendayo itakula inagwira pa chinthu chimene ankachikonda koposa.

Mayi wa ku Mufakose:
Bambo, pamenepo tagwirizana. Komabe pa funso la aphunzitsi, ine ndikuloza msika. Ogula a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria ankakonda zithunzi zazikulu zokopa maso pa chionetsero cha Royal Academy, bungwe la akatswiri a zojambula la ku London, pamene zambiri za Smetham zinali zazing'ono ndi zofatsa, ndipo iye analibe mtima wodzitsatsa. Chithunzi chake cha Naboti ali m'munda wake wa mpesa, cha mu 1856, chimasungidwa ku Tate, nyumba yoonetsera zithunzi ya ku London, ndipo amene ali ndi intaneti angathe kuchiona n'kudziweruzira yekha ngati luso linali lopelewera.