Asuweni anga abwera kuchokera ku Zimbabwe koma akungokhala ngati alendo, tiwathandize bwanji?

Nachisale wa pa Kamwendo:
Abale ndigawireni nzeru. Malume anga anatchona ku Halale ine ndisanabadwe, anakwatira komweko, kumwalira anaikidwanso komweko. Ndiye chaka chatha mwana wawo wamwamuna watulukira kuno ku Mchinji ndi mkazi wake wachishona ndi ana atatu, akuti kumene kuja zinthu zathina komanso anatopa nkumatchedwa mubhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, m'dziko loti anabadwiramo. Tinawalandira bwinobwino mpaka kuwapatsa nyumba ya agogo ija koma miyezi khumi yakwana akungokhala ngati anthu odikira basi pa depoti. Mayiwo, ine ndimangowati akazi anzanga mwa chisuweni, kumjigo amapita mbandakucha kuti asakumane ndi anthu, Chichewa amamva pang'ono koma kuyankha manyazi. Kamwana kakang'ono kanabwera kakulira kuti kusukulu akukatcha Sadza poti tsiku loyamba kanati kadya sadza. Msuweni wangayo dzana anandiuza mawu ondiwawa, akuti uko ndinali Mmalawi kuno ndine Mzimbabwe nanga kwathu nkuti. Munaonapo zotere inu, zimatha bwanji?

Bambo a Chisomo, Santhe:
Achemwali ndifunse kaye, kumaliro amapita? Ife makolo athu anachoka ku Mulanje mu 1984 kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya kuno ku Kasungu, anthu amatitcha obwera ndi maina ena oti sindingalembe pano. Bambo anga sanali olankhulalankhula koma akangomva kuti m'mudzi woyandikana nafe mwagwa zovuta amanyamula khasu m'mamawa kulondola adzukulu kumanda osadikira kuitanidwa, mayi nawo kambale ka ufa ndi mtolo wa nkhuni pamutu, kukagona pasiwa mpaka kucha ngakhale womwalirayo sakumudziwa ndi nkhope yomwe. Ife ana tinkadabwa kuti anthuwa akuvutikiranji. Ndiye patapita zaka mng'ono wanga anamwalira ali ndi zaka zinayi, ndalama yonyamulira maliro mpaka ku Mulanje panalibe, bambo angokhala pakhonde manja ali m'mutu, tinangoona nyakwawa yafika nkunena kuti mwanayu agona m'manda athu. Anakumba ndi anthu a m'mudzimo, ife anatikaniza ngakhale kugwira khasu. Esiteti ija inatha kalekale koma ife tilipobe, munda anatipatsa ndi amfumu omwewo. Atengeni akazi anzanuwo mupite nawo kumaliro, kutsuka mbale ndi kutunga madzi sikufuna Chichewa chambiri.

Mjomba wa ku Mkanda:
Tisanamizane apa, pali nkhani ya malo imene simukuitchula. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mwana wa malume anu pamudzipo ndi mwana ndithu koma pa munda wa mbumba alibe mawu, pomwe kwa Ashona mwana ndi wa bambo. Iyeyo wabwera akudziwa kuti wafika kwawo, anthu ena pamudzipo akuona munthu wodzalanda dimba, nchifukwa moni wake amakhala wozizira. Khalani pansi ndi mwinimbumba, mupite kwa amfumu, apatsidwe kachigawo kolima poyera anthu onse akuona kuti malire ndi awa. Munthu wopanda pogwira khasu dzinja likafika amaganiza zobwerera.

Dada wa ku Joni:
Ine ndikuwamvetsa zedi. Ndili ku Johannesburg chaka cha chisanu ndi chitatu, chimatigwira mtima kuno ndi gulupu ya pa WhatsApp ya anthu akumudzi, kusonkha ndalama wina akamwalira kuti thupi lipite kwawo, ndi tchalitchi Lamulungu. Ngakhale machona a ku Zimbabwe aja ankatero, anali ndi mabungwe awo a maliro, gule wamkulu amavina kumigodi ndi m'mafamu mpaka Ashona anamupatsa dzina loti zvigure. Ndiye musawaletse kulankhula Chishona pakhomo kapena kucheza ndi ena ochokera komweko ngati alipo pa boma, munthu amafunika pena poti aseke m'chilankhulo chake. Za kamwanako musadandaule, ikakwana Khirisimasi kadzakhala kakukuphunzitsani inuyo Chichewa cha pa bwalo la mpira.

Mai a Tadala, Kasungu boma:
Bambo a Chisomo zanuzo nzoona koma sizokwanira. Ife tinali ndi aneba a ku Burundi, okhala nawo zaka zambiri, maliro aliwonse analipo, ngongole ya sopo ndi shuga pa okala yawo tonse tinkatenga, ana awo Chichewa cha pamtondo. Koma mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka ku Dowa anapita tikuona, palibe mfumu kapena mpingo unawagwira mkono. Ndiye mapepala abale mapepala. Asuweni anuwo poti bambo awo anali Mmalawi atenge kalata ya amfumu ayambe kuyendera za unzika ku Immigration ndi chiphaso ku NRB, bungwe lopereka ma ID lija, masiku ano popanda ID ngakhale simu khadi sulembetsa, feteleza wotsika mtengo ndiye usaganizeko. Mayiwonso afunse za chilolezo chawo chokhalira m'dziko muno asamangoti ndinakwatiwa ndi Mmalawi basi.

Nachisale wa pa Kamwendo:
Zikomo nonse. A Mjomba mwalasa penipeni, nkhani ya dimba ilipodi, mayi anga aang'ono ndi amene amang'ung'udza kuseri ine ndimangoyesa kuti ndi nkhwidzi zawo za masiku onse. Kumaliro akazi anzangawo anapitako kamodzi koma anakakhala kumbuyo pa mpando ngati alendo a ku tauni, nanenso sindinawauze zoti azimayi timakhala pansi ndipo chitenje nchofunika, kulakwa nkwanga. Loweruka kuli banki m'khonde ndawauza kuti tipitira limodzi, avomera koma akuti ine ndizikawayankhira. Za kalata ya amfumu ija, amalembera aliyense kapena mpaka papite mwinimbumba?