Corolla ikukana kukhota: vuto ndi masipulingi kapena bodi?

Wa ku Area 25: Akuluakulu, ndaika masipulingi olimba kutsogolo kwa Corolla yanga yothamangitsa pafumbi. Pano ndikati ndikhote, ikungopitirira kutsogolo. Ndiwonjezerenso kulimba?

Makaniko wa ku Biwi: Ayi achimwene. Kutsogolo kukalimba kuposa kumbuyo, matayala akutsogolo ndiwo amayamba kutsetsereka. Fewetsani, pafumbi tayala liyenera kutsata mabampu. Komabe yambani mwayang'ana bodi. Ikamapindika imasanduka sipulingi ina yopanda shoko, ndiye chilichonse mungasinthe sichioneka phindu lake. Kwezani ngodya imodzi pa jeke, chitseko chikavuta kutseka, bodiyo ndi yofooka. Ikani roll cage, chimango cha mapaipi achitsulo owotcherera mkati mwa galimoto, yofika pamene pamangidwa mashoko.

Wa ku Kawale: Zoona. Koma wowotcherayo asakhale wozolowera mageti okha chonde, mkatimo mukhala munthu.