Galaja ya kunyanja yokhala ndi chipinda m'denga, madzi atuluka pa 700mm, nditani?

Folomani: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala ali ndi kanyumba kopumulirako m'mbali mwa nyanja, akufuna galaja ya 6m ndi 7m kuseri kwake, yolowa galimoto ndi bwato la injini lili pa ngolo yake. Pamwamba akufuna loft, ndiye kuti chipinda cha m'denga. Poyamba ankati ndi yosungiramo katundu, pano wasintha, akuti alendo azigonamo. Mzati pakati akukana kwamtuwagalu. Dzulo takumba dzenje loyesera, mchenga wokhawokha, pa 700mm madzi ayamba kutumphuka. M'mawa uno ndapeza dzenje lili theka ndi madzi, m'mbali mwagumukira mkati. Pulani yomwe wabwera nayo ili ndi strip foundation wamba (maziko a ngalande otsata makoma), ma truss a W (mafelemu a matabwa onyamula denga, opingasa mkati ngati chilembo W), masitepe sanajambulidwe n'komwe. Akufuna tiyambe Lolemba. Maziko ndiyale bwanji, pansi pa loft ndiike matabwa kapena silabu, nanga masitepe akhale pati?

Madala a Konkire: Silabu mwana wanga. Pansi pali petulo, pamwamba pagona anthu, pakati pake mukufuna kuika thabwa? Thirani silabu, zitsulo za Y12 (za 12mm) pansi ndi pamwamba, musachotse mitengo yochirikiza masiku 21 asanakwane. Mugona tulo.

Injiniya wamng'ono: Madala, tiyambire pansi kaye. Silabu ya 150mm pa 6m ndi 7m ndi konkire ya 6.3 cubic, matani 15 kuwerengera mosakokomeza. Ndiponso 150 pa 6m popanda bimu (mtanda woinyamula) imapinda, muyenera kuinenepetsa kapena kuika bimu, kulemera n'kuwonjezekanso. Zonsezo pa mchenga wonyowa womwe sitinauyeze. Mukayala matabwa m'malo mwa silabu, siling'i yomwe, sipafika matani 3. A Folomani, dzenje limodzi silokwanira. Kumbani m'makona, ndipo apezeni anthu oyeza dothi abwere ndi DCP, chitsulo chokhomera pansi choyezera kulimba kwa dothi. Mchenga wothinana umanyamula bwino, wotayirira ndi umene umapweteka. Ngati uli wotayirira ine ndingapite ku raft (silabu imodzi ya maziko yoyala pansi pa nyumba yonse) yokhuthala m'mphepete, yokwezedwa pa hardcore (miyala yophwanya) yotsenderedwa bwino, pulasitiki pansi, cover ya zitsulo (konkire yozikuta) isachepere 50mm. Koma kukula kwake kuchokere pa kuwerengera kwa injiniya wosaina, osati pa foni pano.

Mlongo wa pa saiti: Chimene ndikupemphani achimwene, musayerekeze kuika pampu m'ngalande n'kumapopa tsiku lonse pafupi ndi nyumba yakaleyo. Ine zinandionekera. Tinkakumba maziko a khitchini mamita atatu kuchokera pa khoma la nyumba ina ya kunyanja, madzi akubwera, bwana wa kampani yomwe ndinkagwirako akuti popani. Madzi otuluka m'paipi anali otuwa ngati phala lamadzimadzi, ife osadziwa kuti tikukoka mchenga wa pansi pa nyumba ya eni ake. Tsiku lachitatu chitseko cha kukhonde chinakana kutsekeka. Lachisanu mng'alu unatsika kuchokera pa kona ya windo mpaka pansi, wolowa chala. Mpaka lero ndikaona madzi a pampu asintha mtundu ndimazimitsa nthawi yomweyo.

Folomani: Galajayo ili 4m kuchokera pa nyumba, ndiye mwandiopsa. Pampu ndinali nditaitanitsa kale. Raft ndikuimva, koma ikakwera pamwamba ngolo ya bwato ilowa bwanji?

Mlongo wa pa saiti: Ramp (njira yokwerera), yaitali, yosatsetsereka kwambiri. Ndipo yezani bwatolo lili pa ngolo, kuyambira pansi mpaka pa galasi lakutsogolo, komanso kuyambira pokokera mpaka pa injini. Khomo la 2.1m lomwe tinazolowera limakana mabwato ambiri, ndipo 7m imatha msanga.

Kalipentala wa denga: Ine nkhani yanga ndi ma truss. A W amenewo loft mulibe, matabwa opingasa adzadza pakati ponse. Ndipo chonde wina asadzabwere ndi sowo kudzadula kuti papezeke malo, denga limakankha makoma. Pakufunika attic truss (truss yosiya mpata wa chipinda pakati) kapena denga lomangira pomwepo. Werengani nokha: pa 6m, denga la madigiri 30 limakwera 1.7m pakati, munthu sangaime. La 45 limakwera 3m, koma poyenda munthu ali chilili, tinene 2m m'mwamba, pamangotsala kanjira ka 2m m'lifupi. Mukakweza khoma ndi mita imodzi pamwamba pa pansi pa loft mupeza 4m. Apo ndiye chipinda. Koma dziwani kuti mwautsa nyumba yaitali pamalo a mphepo. Mphepo ya kunyanja ikalowa pa khomo la galaja lili pululu imanyamula denga kuchokera mkati. Hoop iron (lamba wachitsulo) imangidwe mu ring beam (bimu ya konkire yozungulira pamwamba pa makoma), izungulire truss iliyonse, osati kawaya kawiri kopotokola. Misomali ndi ma strap zikhale galvanised (zokutidwa kuti zisachite dzimbiri), matabwa othiridwa mankhwala a chiswe, ndipo podula paliponse pakeninso mankhwala.

Madala a Konkire: Mwamva nokha. Chiswe, mphepo, chinyontho, moto. Zonsezi thabwa limaopa. Silabu imamanga makoma anayi kukhala chinthu chimodzi. Ndakhala pa ntchito imeneyi tsitsi mpaka kuyera, sindinaonepo chiswe chitadya konkire.

Injiniya wamng'ono: Chiswe ayi madala, koma dzimbiri limadya. Silabu za kunyanja zomwe cover yake inali yochepa timaziona zikusweka pansi, chitsulo chitatupa. A Folomani, ya matabwa imatheka popanda mzati: chitsulo chimodzi chodutsa pa 6m pakatikati, chigawe 7m ija pawiri, ma joist (matabwa onyamula pansi popondapo) a 50mm ndi 200mm pa 400mm aliyense adutsa 3.5m bwinobwino. Chipinda chogona timawerengera 1.5 kN (pafupifupi 150kg) pa sikweya mita. Koma kasitomala anayamba ndi nkhani yosungiramo katundu, ndiye mufunseni bwino, tsiku lina mudzapeza ma injini akale ndi matumba a simenti ali pamwamba. Chitsulocho chimatsitsa katundu wake yense malo awiri okha, pamenepo pakhale ma pier (nsanamira zomangira m'khoma) ndi maziko okhuthala. Kuya kwake kumadyanso mpata wa bwato.

Wa mapulani: Nonse mwathamangira kumanga. Chilolezo chilipo? Malo a m'mbali mwa madzi amakhala ndi malire ake, mtunda woti usiye kuchokera pomwe madzi amafika akadzadza, ndipo malamulowo amasiyana dera ndi dera. Pitani ku khonsolo ndi kwa a zachilengedwe musanathire ngakhale wilibala imodzi. Chinanso, chilolezo cha galaja ndi cha chipinda chogona anthu si chimodzi. Alendo akagona pamwamba mawa afuna chimbudzi, ndiye soakaway (dzenje lomwetsa madzi a zonyansa) muikumba pati pomwe madzi ali pa 700mm? Zonyansa zizingolowa m'nyanja momwe ana akusambamo. Komanso 700 imeneyo mwaiyeza nyengo iti? Yang'anani mzere wa ndere pa maziko a nyumba yakaleyo, pa miyala, pa mitengo. Funsani mlonda kapena oyandikana nawo omwe akhalitsa kuti chaka chomwe nyanja inakwiya madzi analekezera pati. Levulo ya pansi ichokere pamenepo.

Folomani: Ndi chilimwe kuno, mvula sinayambe. Pa khoma la nyumba pali mzere wakuda pafupifupi njerwa ziwiri kuchokera pansi, penti yatupa. Chilolezo akuti "tikonza". Nanga masitepe? Palibe wayankha.

Kalipentala wa denga: Masitepe kunja. Kukwera 2.8m pa 175mm ndi masitepe 16, popondapo 250mm, ndiye 3.75m m'litali osawerengera pofikira, m'lifupi pafupifupi mita. Mukawaika mkati, galimoto ndi bwato sizikwanamo mu 6m. Komanso bowo la masitepe limasanduka chumuni, utsi wa galimoto wonse umakwera kwa ogona.

Wa magetsi: Apa a Kalipentala anena zoona, ndipo madala pa nkhani ya moto sakulakwa. Utsi wa injini uli ndi carbon monoxide, sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Mpweya wa petulo ndi wolemera, umakhala pansi, ndiye mabowo a mpweya akhale m'munsi mwa khoma, masoketi m'mwamba. Ngati mupita ndi matabwa, siling'i ikhale plasterboard (mabolodi a choko) ziwiri zopingasana polumikiza, mabowo a mawaya otsekedwa bwino, alamu ya utsi ndi ya carbon monoxide pamwamba, windo loti munthu angatulukirepo. Ndinakakonzapo mawaya pa galaja ina pomwe jenereta ankailizira mkati usiku chitseko chili chotseka, mnyamata wogona pamwamba ankadzuka mutu ukuwawa tsiku ndi tsiku, iwo nkumati ndi malungo. Tinaitulutsa tsiku lomwelo.

Madala a Konkire: Mapepala awiri a choko kuletsa moto wa petulo? Ine ayi. Ngati mchenga sunganyamule silabu, konzani maziko anyamule. Ngati kasitomala sangakwanitse, alendo akagone m'nyumba, pamwamba pakhale katundu. Koma munthu asagone pa thabwa pansi pali zigubu za mafuta.

Mlongo wa pa saiti: Zigubuzo zisakhalemo n'komwe madala, kaya silabu kaya thabwa. Kanyumba kake kapadera. Achimwene, Lolemba musayambe. Mulembereni kasitomala zomwe mwapeza m'dzenje, jambulani zithunzi, asaine. Zikadzavuta dzina lotchulidwa ndi lanu.

Wa mabuloko: Pepani ndalowerera. Mchenga wa konkire mutenga kuti? Musakokolole wa pagombe pomwepo, ndi wosalala kwambiri, umamwa simenti, ndipo malo ambiri ndi mlandu. Ngati madzi ake ndi amchere ndiye zitsulo zatha.

Madala a Konkire: Wa kumtsinje, wokhakhala, wosefa. Ikani m'botolo ndi madzi, khutchumulani, muone matope akhala pamwamba ochuluka bwanji.

Wa mabuloko: Madala, inu mumausiya maola angati m'botolomo? Anyamata anga amathamangira kuwerenga madzi asanayere.