Kamera ya Canon 5D Mark II yakale: ndigule kapena ndisiye?

Wa ku Rosettenville:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Loweruka ndinajambula ukwati mu holo ya tchalitchi ku Turffontein, magetsi achikasu aja. Canon 600D yanga ndikangoikweza pa ISO 1600 kuti izitha kujambula mumdima, nkhope zikutuluka mchenga wokhawokha. Mkwatibwi wandifunsa ngati ndinajambula ndi foni, manyazi ake osanena. Ndiye pali mkulu wina akugulitsa 5D Mark II, bodi yokha ndi mabatire awiri, R6000, akuti shata yake yajambula zithunzi 90,000. Ndikudziwa kuti ndi ya 2008, koma full frame, ya sensa yaikulu ija, ndi full frame basi. Akufuna yankho pofika Lachisanu. Ndigule?

Madala a ku Yeoville:
Malenzi muli ndi ati achimwene? Ngati ndi 18-55 yobwera ndi kamera ija, imeneyo ndi EF-S, ya makamera a sensa yaing'ono, pa 5D silowa n'komwe. Ndalamayo gulani flashi ndi galasi labwino kaye.

Wa ku Rosettenville:
Ndili ndi 18-55 ndi 50 ya 1.8 madala.

Wa ku Mayfair:
50 ilowa aise, ndi EF, mtundu wolowa pa full frame. Ndipo uyiona ikutambasuka, chifukwa pa 600D imakhala ngati 80, n'chifukwa chake umathera kukhoma ukamajambula gulu. Ine Mark II ndinadya nayo zaka zinayi, pa ISO 3200 zithunzi ndimapereka kwa kasitomala osaopa. Vuto lake ndi fokasi. Mapointi alipo 9, koma mumdima wodalirika ndi wapakati yekha. Nthawi ya perekaniperekani, anthu akuvina kubwera kwa iwe ndi ndalama m'manja, zambiri uzitaya. Za 90,000 usamve zapakamwa. Nambalayo sioneka pa chithunzi ngati mmene zilili pa Nikon, tenga laputopu ndi chingwe ukawerenge wekha. Shata yake anaiyesa kuti ifike 150,000.

Madala a ku Yeoville:
Mchenga mukunenawo si wa bodi, ndi kusowa kuwala. Flashi muwombetse kudenga, ISO 400, nkhani yatha.

Mayi a ku Cosmo City:
Achimwene, ine nkhawa yanga ndi khadi. Mark II imalowa memori khadi imodzi yokha, ya mtundu wa CF. Chaka china ndinajambula chinkhoswe ndi kamera ya khadi imodzi, ankhoswe anachita kukwera basi kuchokera ku Mangochi mpaka Park Station. Ndafika kunyumba, khadi ikuti ifomatidwe. Ndinalira ngati pamaliro. Ndalama ndinabweza, koma mayi ake a mtsikanayo mpaka lero tikakumana kutchalitchi amangondiyankha moni wapakamwa. Ngati mungapirire, onjezerani mupeze Mark III ya 2012, ili ndi CF ndi SD, imalemba konse kuwiri, fokasi mapointi 61. Mukaumirira yomweyi, walitsani tochi ya foni polowera khadi muone timapini tija. Kamodzi kakapindika mwagula ntchito.

Wa ku Diepsloot:
Nanga mwini wakeyo mukumudziwa? Kuno ndi ku Joni abale. Mnzanga wina anaitanidwa pa fulati mtawuni kuti akaone kamera, anabwerako wopanda ndalama, wopanda foni, nsapato zomwe anamuvula. Kumanani pa mall masana, mupite awiri. Afunseni risiti kapena bokosi, nambala ya pansi pa bodi igwirizane. Ikakhala yofufutika, tembenukani. Katundu wakuba akakupezani naye apolisi, ife alendo nkhani imakula msanga.

Wa ku Mayfair:
Komanso jambula khoma loyera pa f/16, kabowo ka lenzi utakachepetsa, uone madontho pa sensa. Fumbi limachoka, koma mzere wokandika ukhale ukudziwa kuti ndi wamuyaya. Mabatirewo ngati ndi akale usawawerengere pa mtengo.

Madala a ku Yeoville:
Ndanena kale, flashi. Mugula 5D, Loweruka linalo mupita ndi 50 yokha. Gulu la anthu makumi atatu mu holo yopanikiza mulijambula bwanji? Mudzafunanso lenzi ya 24-105, ndalama ina imeneyo.

Wa ku Rosettenville:
Madala, denga la holo ija ndi malata, lili kutali, kuwala sikubwerera. Ndinayesapo ndi flashi yobwereka.

Madala a ku Yeoville:
Ndiye ikwezeni pa sitandi ndi ambulera. Ife tinayamba ndi filimu ya 400, maukwati amatuluka.

Mayi a ku Cosmo City:
Pepani ndilowetse ina. Alipo akupita kumudzi mwezi uno? Ndili ndi alubamu ya kasitomala yofunika kufika ku Lilongwe, ya mayendedwe ndilipira.

Wa ku Diepsloot:
Mlamu wanga anyamuka pa 20, ndimufunsa madzulo ano.